Mtovu wa ku Kabwe ndi Tinjira ta m'Wailesi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, nkhani yathu ya lero iyambira pa chinthu chimene ambiri a inu munachigwirapo kale, ndicho wailesi yakufa. Pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'komboni iliyonse muli wailesi ya mabatire imene inaleka kulankhula, niponyedwa pansi pa bedi kapena kuseri kwa nkhokwe. Mukaipeza, pemphani kwa eni ake, ndipo muitsekule kumbuyo. Mudzaona kabolodi kopyapyala, kobiriŵira kapena kofiirira. Mbali imodzi kuli tizipangizo tooneka ngati timigolo, tinthanga ndi tinkhupakupa. Mbali inayo kuli tinjira ta mkuwa tokhotakhota monga njira za mbeŵa pa lupsa. Tayang'anitsitsani tinjira timeneto. Timatsatana, timayandikana, timakhotera pamodzi, koma sitikhudzana ai. Pakati pa kanjira ndi kanzake pali kampata, mwina kochepa kuposa kunenepa kwa singano.

Mpata umenewo sunabwere mwangozi. Munthu anauyeza. Ndipo kuti timvetse m'mene anthu anaphunzirira kuuyeza, tiyenera kuyamba tapita ku Kabwe.

Mzinda wa Kabwe uli pakatikati pa dziko la Zambia, pa mseu ndi njanji zochokera ku Lusaka kunka ku Copperbelt, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. M'chaka cha 1902 mzungu wina wofunafuna miyala ya mtengo, dzina lake T. G. Davey, anafika pa timapiri ta m'dziko la Alenje napezapo mtovu ndi zinki. Malowo anawatcha Broken Hill, potengera dzina la mgodi wotchuka wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu anayamba kukhamukirako kukafuna ntchito, ena ochokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ena ku Nyasaland. Mu 1921 anthu okumba anapeza chigaza cha munthu wakalekale m'phanga la mumgodimo, ndipo chigazacho anachitengera ku London. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chofunika kwa ife ndi chaka cha 1925, pamene anatsegula malo opangira magetsi ndi mphamvu ya madzi pa mtsinje wa Mulungushi. Magetsi ameneŵa sanali oyatsira nyale m'nyumba za antchito. Anali a mgodi, chifukwa kuyenga zinki kumadya magetsi ambiri zedi. Dzina lakuti Kabwe linakhazikitsidwa mu 1966, dziko litalandira kale ufulu.

Mwala umene umatulutsa mtovu wambiri umatchedwa galena. Ndi wolemera, wonyezimira ngati siliva, ndipo ukasweka umasweka timabokosi ta ngondya zoongoka. Tsono tamverani chodabwitsa. M'zaka za m'ma 1920, pamene amuna anali kukumba mwala umenewu ku Broken Hill, anyamata a ku Ulaya ndi ku Amerika anali kupanga mawailesi ndi kachidutswa ka mwala wa mtundu womwewo. Ankakulunga waya pa kachubu ka pepala lolimba, nkutambasula waya wina wautali kuchokera pa denga kufikira pa mtengo, nkuvala zomvetsera za m'makutu. Pa kachidutswa ka galena ankakhudzitsapo kawaya kopyapyala kamene Angerezi anakatcha ndevu ya mphaka. Wailesi yotere sinkafuna batire. Koma inkafuna kuleza mtima, pakuti mau ankamveka pokhapokha kawayako kakakhudza mwalawo mopepuka, pa malo amodzi oyenera. Wina akamenyetsa chitseko, kawaya kankasuntha, nyimbo nkuduka, mwini wailesi nkuyambiranso kufufuza. Zipangizo zonsezi ankazikhomera pa thabwa, ndipo kaŵirikaŵiri linali thabwa la amayi lodulirapo buledi. Nchifukwa chake mpaka lero kabolodi koyeserapo zamagetsi kamatchedwa breadboard, ngakhale kuti tsopano nkapulasitiki ndipo buledi sakadziŵa.

Kuno kwathu wailesi inaloŵa m'nyumba za anthu wamba mochedwerapo. Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941, nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri, koma omvera anali ochepa popeza mawailesi anali odula ndiponso ofuna magetsi. Mkulu wofalitsa nkhani za boma, Harry Franklin, anayendera makampani a ku Britain kufuna wopanga wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 inatuluka wailesi yobulungira, ya buluu, ya chikuto chonga poto wopanda chogwirira, imene inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake, lalikulu lapadera, linali mashiling'i 25. Agogo anu ena anamvera pa wailesi imeneyo nkhani za Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata zochokera ku Central African Broadcasting Station. Ndipo m'kati mwa batire louma lotere munali zinki, chitsulo chinzake cha mtovu ku Broken Hill.

Mukanatsekula wailesi ya zaka zimenezo simukanaona tinjira. Mukanaona mavalavu, amene anali timababu tagalasi totentha, ndi mawaya opiringizana ngati chisa cha mbalame. Waya uliwonse unkadulidwa, kupindidwa ndi kuwotchereredwa ndi manja. Mpata wa pakati pa waya ndi unzake unkadalira diso la mmisiri ndi kutopa kwake tsiku limenelo. Wailesi ikagwedezeka pa njinga, waya wosavala unkatha kukhudza unzake, magetsi nkudutsa chidule m'malo moyenda njira yake. Ndiyo imene amisiri amati shoti.

Munthu amene anathandiza kwambiri kuthetsa chisa chimenechi anali Paul Eisler, wobadwira ku Vienna m'dziko la Austria mu 1907. Anaphunzira uinjiniya, koma pokhala Myuda m'masiku a chidani aja, ntchito yokhazikika inamuvuta, ndipo kwa kanthaŵi anagwira ntchito ya zosindikiza. Mu 1936 anasamukira ku England. Kumeneko anagwirizanitsa nzeru zake ziŵirizo, nafunsa kuti: ngati munthu angathe kusindikiza zilembo pa pepala, bwanji osasindikiza mawaya pa bolodi? Poyamba palibe anamumvera. Nkhondo itabuka anamutsekera monga mlendo wochokera ku dziko la adani, namumasula mu 1941. Anthu amene anamulandira anali a kampani yosindikiza mabuku a nyimbo, ya Henderson and Spalding, ndipo mu 1943 analembetsa ku boma luso lakelo. Nthaŵi yomweyo Amerika anali kugwiritsa ntchito njira yofananako m'zida za nkhondo, ndipo mu 1948 analola kuti igwiritsidwe ntchito m'malonda. Ndikaganizira za Eisler ndimamva chisoni pang'ono, chifukwa ena ndiwo analemera ndi nzeru yake, ndipo pamene ankamwalira mu 1992 ndi anthu ochepa okha amene ankadziŵa dzina lake.

Njira yake, ngakhale mwana wa sitandade 6 angaimvetse. Tengani bolodi losadutsa magetsi, lomatidwa mbali imodzi ndi mkuwa wopyapyala. Pa mabolodi ambiri mkuwawo ndi wonenepa mamilimita 0.035 okha. Jambulani tinjira ndi inki yosasungunuka. Viikani bolodilo m'mankhwala odya mkuwa. Paliponse pamene panalibe inki mkuwa udzadyeka, ndipo padzatsala tinjira tokha. Onani tsono kuti ntchito yeniyeni ya mankhwalawo si kupanga njira, pakuti mkuwa unalipo kale. Ntchito yake ndi kupanga mipata. Bolodi losaviikidwa ndi shoti imodzi yaikulu.

Mu 1947 akatswiri atatu a ku Bell Laboratories ku Amerika, John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, anatulukira transistor, kachipangizo kakang'ono kogwira ntchito ya valavu popanda kutentha kwambiri. Mu 1954 inagulitsidwa wailesi yoyamba ya m'thumba ya matransistor, Regency TR-1, ndipo m'kati mwake munali bolodi losindikizidwa. Patapita zaka mawailesi otere anayamba kulumikizidwa kuno komwe: a Supersonic ku Livingstone, a Nzeru ku Blantyre. Zipangizo zikamachepa, tinjira timayandikana. Ndipo tinjira tikamayandikana, funso la mpata limakula.

Kodi mpata uyenera kukhala waukulu bwanji? Yankho limadalira mphamvu ya magetsi. Magetsi amatha kulumpha mumpweya, monga muonera pa chiphaliŵali, koma kuti alumphe milimita imodzi ya mpweya wouma pamafunika mavolti pafupifupi 3,000. Magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230. Batire la tochi ndi volti imodzi ndi theka. Mwana wochenjera angafunse kuti, nanga ngati ziri choncho, bwanji amisiri amasiya mamilimita angapo pakati pa tinjira ta magetsi a m'nyumba, mwinanso kuboola kamng'alu m'bolodimo? Chifukwa chake nchakuti bolodi silikhala m'buku, limakhala m'nyumba. Fumbi la mwezi wa October limagwerapo. Chinyezi cha mwezi wa January chimanyowetsa fumbilo, ndipo fumbi lonyowa limasanduka kanjira kamene palibe anakajambula. Mphenzi ikagwa patali, mavolti a m'nthambo amakwera mwadzidzidzi. Ndiye pali mphemvu ndi nyerere, zimene zimakonda kufunda kwa m'wailesi. Funsani mmisiri aliyense wa pa msika adzakusimbirani za buluzi amene anampeza atauma pa bolodi. Motero amisiri amayeza mitunda iŵiri: wodutsa mumpweya molunjika, ndi wokwawa pamwamba pa bolodi. Wachiŵiriwo ndiwo umawadetsa nkhaŵa kwambiri m'maiko a fumbi ngati athu ano.

Tibwerere ku mtovu. Tembenuzani kabolodi kanu kaja muone timitunda tonyezimira pamene mwendo wa chipangizo ukumana ndi kanjira. Chimenecho ndi chitsulo chowotcherera, chimene amisiri amati solder, ndipo kwa zaka zambirimbiri chinali chosakaniza tini ndi mtovu. Tini payekha amasungunuka pa madigiri 232. Mtovu pawokha umasungunuka pa madigiri 327. Koma mukasakaniza magawo 63 a tini ndi magawo 37 a mtovu, chosakanizacho chimasungunuka pa madigiri 183, kutsika kuposa ziŵiri zonsezo. Aphunzitsi, manambala atatu aŵa alembeni pa bolodi la m'kalasi, muwafunse ana kuti alosere lachitatu musanawauze. Palibe adzalondola.

Mtovu unali ndi ntchito inanso yobisika, ndipo ikukhudza mpata wathu uja. Chapakati pa zaka za m'ma 1900 akatswiri a matelefoni ku Amerika anadabwa kuona zipangizo zikuchita shoti popanda wozikhudza. Atayang'ana ndi galasi lokuza zinthu anapeza kuti tini wosasakaniza amamera tindevu, tocheperatu kuposa tsitsi, timene timakula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka mpaka kufika pa chitsulo choyandikana nacho. Chitsulo kumera ndevu! Koma nzoona. Pambuyo pake anapeza kuti kuthiramo mtovu pang'ono kumaletsa ndevuzo. Pamene lamulo limeneli linanyozeredwa, zotsatira zake zinaoneka: mu May 1998 chombo cha m'mlengalenga chotumiza mauthenga, Galaxy IV, chinaleka kugwira ntchito, anthu mamiliyoni ambiri ku Amerika nasoŵa mauthenga, ndipo ofufuza anati tindevu ta tini tinali m'gulu la zoyambitsa. Tingati mtovu unali mlonda wa mpata.

Mlonda ameneyo anali wodula, ndipo amene analipira si anthu omvera wailesi ai. Mgodi wa ku Kabwe unagwira ntchito kufikira 1994, ndipo kwa zaka zambiri ng'anjo zake zinali kufuka utsi wa mtovu umene unkagwera pa nthaka, pa madenga ndi pa ndiwo za m'dimba. Mgodi utatsekedwa panatsala mulu waukulu wa zotsalira umene anthu amautcha Black Mountain, ndipo mphepo inapitiriza kuuluzira fumbi lake ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa ndi madera ena oyandikira. Mtovu sununkha ndipo suŵaŵa pa lilime. Umaloŵa m'thupi mwa mwana akamaseŵera pa dothi nkuika zala m'kamwa. Thupi limausokoneza ndi zakudya zomanga mafupa ndi magazi, nkuusunga. Umachepetsa magazi, umapweteka m'mimba, ndipo choipitsitsa nchakuti umaononga ubongo umene ukukula, mwana nkumavutika kukumbukira ndi kumvetsa za m'kalasi. Mphunzitsi angamuyese waulesi, chonsecho ndi wodwala. Mu 2007 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pakati pa malo khumi oipitsidwa koposa pa dziko lonse. Mu October 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, kuimba mlandu kampani ya Anglo American ya ku South Africa, imene inali ndi gawo m'mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo inakana mlandu. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo.

Tisanamizire wailesi zonsezi. Mtovu wochuluka wa pa dziko umapita ku mabatire a galimoto, ndipo wowotcherera ndi gawo lochepa. Komabe maiko a ku Ulaya, poona milu ya mawailesi ndi makompyuta otayidwa, anaika lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2006, loletsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi. Chowotcherera chatsopano ndi tini wosakaniza ndi siliva ndi mkuwa pang'ono. Chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 217, sichiyenderera bwino ngati chakale, ndipo amisiri ambiri amachidandaula. Ndevu zija nazo zinabwereranso m'maganizo a akatswiri. Ine ndikuti lamulolo linali loyenera, ngakhale linaonjeza ntchito. Amene anaona mwana wa ku Makululu akuyezedwa magazi sangatsutse kwambiri.

Tsono tifike pa inu. Kuyambira 1968 m'sukulu za Zambia muli makalabu a JETS, m'mene ana amapanga zinthu za sayansi nkukapikisana nazo, ndipo masiku ano ena amapanga maloboti. Sindikunena maloboti a pa mphambano za mseu, ofiira ndi obiriŵira aja, koma timakina toyenda tokha, totsata mzere wakuda pansi kapena tokhota tikaona khoma. Ubongo wa tambiri ta timeneti ndi kabolodi kotchedwa Arduino, kamene kanapangidwa mu 2005 mu mzinda wa Ivrea ku Italy, kuti ophunzira azitha kukagula mosavuta. Kabolodi kameneka kali ndi chilema chophunzitsa. Amisiri a zamagetsi anagwirizana kalekale kuti miyendo ya zipangizo izitalikirana mamilimita 2.54, ndipo timabowo ta pa breadboard ndi pa mabolodi oboolaboola timatsata muyeso umenewo. Koma pa Arduino, pakati pa bowo la nambala 7 ndi la nambala 8, mpata ndi mamilimita 4 ndi pang'ono. Opangawo anavomera kuti analakwitsa chifukwa chofulumira kutumiza chojambula ku fakitale. Pamene ankafuna kukonza, anthu anali atapanga kale mabolodi ena ambirimbiri okwanira pa muyeso wolakwikawo, motero cholakwacho chinakhazikika, ndipo mwana aliyense woyesa kubaya bolodi wamba pamwamba pa Arduino Uno amapeza mzere umodzi wa miyendo ukukana kuloŵa.

Loboti ya ana imayendera mavolti 5 mpaka 12, choncho magetsi ake sangalumphe mpata uliwonse umene diso lingaone. Mavuto ake ndi ena, ndipo inu amene munapangapo galimoto ya mawaya mukuwadziŵa kale. Mukapinda waya wa thupi moyandikira kwambiri gudumu, gudumulo limakhula nkuima. Mukaika chiongolero musanaganize za mpando, mpando umasoŵa malo. Pa bolodi ndi chimodzimodzi. Chojambula cha pa pepala nchafulati, koma zipangizo ziri ndi msinkhu: kamgolo kosunga magetsi kangatalike mpaka kugunda bolodi la pamwamba pake. Bowo la bawuti lingaoneke laling'ono, koma mutu wa bawutiyo ndi wotambalala, ndipo ukakhala pa tinjira tiŵiri umatilumikiza. Polumikizira waya wa kompyuta pangakhale pabwino, koma ngati gudumu latsekereza khomo lake, muyenera kumasula loboti yonse kuti muisinthe malangizo. Kachipangizo koyendetsa mota kamatentha ndipo kamafuna mpweya. Musakapanikize ndi batire. Tinjira ta mota tikhale totambalala chifukwa timanyamula magetsi ambiri, ndipo tipite patali ndi tinjira ta maso a loboti, pakuti mota imachita phokoso la magetsi losokoneza uthenga wofooka. Ndipo miyendo yotulukira kunsi kwa bolodi idulidwe, bolodilo likwezedwe pa timiyendo ta pulasitiki, makamaka ngati thupi la loboti mwalipanga ndi chitini kapena malata.

Sukulu yopanda Arduino ingaphunzire zonsezi ndi katoni. Aphunzitsi, dulani katoni kukula kwake ngati chikhatho. Tengani zipangizo za m'wailesi yakufa ija, ana aziike pa katoni, abaye miyendo yake, ajambule tinjira kunsi ndi pensulo popanda kanjira kudumpha kanzake. Adzapeza kuti nkovuta kuposa m'mene chionekera, ndipo ena adzayamba kusuntha zipangizo m'malo molimbana ndi mizere, imene ndiyo nzeru ya akatswiri enieni. Pomaliza ayeze ndi rula mpata wochepetsetsa pa katoni pawo, aulembe m'kope.

Pochotsa zipangizozo dulani miyendo ndi pulayala, musaotche bolodi pa mbaula kuti chowotcherera chisungunuke, chifukwa wailesi yakale iri ndi mtovu ndipo utsi wa bolodi lopsa ndi woipa. Wailesi ya kanema yakale, ya galasi lotukuka kumbuyo, ana asaitsekule konse, pakuti imasunga magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa. Pa tebulo la ntchitoyi pasakhale chimanga chokazinga kapena mbatata. Ntchito ikatha, tebulo lipukutidwe ndi nsalu yonyowa, osati kusesedwa ndi tsache, ndipo mwana aliyense asambe m'manja ndi sopo belu la chakudya lisanalire.